Maloko Awiri ku Oulu

Ku Oulu mu Disembala dzuwa limayenda ngati munthu wangongole:
limasuzumira pa zenera cha m'ma leveni,
pofika thu koloko lazemba.
Ine Aulikki Kemppainen sindidandaula.
Ndimagwira ntchito pansi, kumene kulibe zenera.

Anthu amadina pa foni, chithunzi n'kutseguka, basi.
Pansi pa chithunzicho pali pulogalamu,
pansi pa pulogalamu pali inzake,
ndipo pansi penipeni, pomwe chitsulo chimayambira kumva mawu,
pali kenelo, nthangala ya chipatso chonsechi.
Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndakhala mmenemo
ndikugawira nthawi ntchito zolimbirana mpata:
iwe thamanga, iwe dikira,
iwe gona, ndikudzutsa ndine.

Chaka china inatilowera nsikidzi
yoluma kamodzi pa masiku khumi ndi limodzi.
Makina ankangoti zii.
Osatentha, osalira, osagwa,
kungoima ngati munthu amene walowa m'chipinda
n'kuiwala chomwe wadzatenga.
Veikko ankati ndi magetsi.
Abwana ankati, zimitsani muyatsenso, makasitomala akudikira.
Ine ndinasindikiza mizere zikwi zinayi,
ndinaiyala pa tebulo lodyera,
chipale chikuunjikana mwakachetechete pa njinga yanga panja,
khofi wachitatu atazizira kalekale.

Ndinaipeza Lachinayi mbandakucha.
Ulusi umodzi wagwira loko woyamba, ukudikira wachiwiri.
Unzake wagwira wachiwiri, ukudikira woyamba.
Palibe waba, palibe wanama.
Onse ndi aulemu: yambani ndinu. Iyayi, yambani inuyo.
Ulemu wotere ungathe kuimitsa chipatala.

Masabata asanu ndi limodzi a moyo wanga
anakwana m'mizere isanu ndi iwiri.
Woyang'anira anayankha liwu limodzi: zalowa.
Palibe anaimba m'manja.
Ntchito yathu ikakoma, imakoma posamveka.

Tsopano ndimaweta makina asanu okhala motalikirana,
ena ku Frankfurt, ena ku Dublin, amodzi kuno kwathu,
ndipo ayenera kugwirizana chomwe chinayamba kuchitika.
Mawotchi awo sanamvanepo.
Ndimawaphunzitsa kuti atatu akavomera, nkhani yatha,
awiri otsalawo adzaimvera m'njira.

Koma pali chimene masamu anakana kundipatsa.
Mnzako akakhala chete,
sungadziwe ngati wafa,
kapena wangochedwa,
kapena anayankha kale, yankho n'kumira pansi pa nyanja
m'chingwe chomwe nangula wa sitima wadula.
Ndiye timaika malire:
dikira masekondi atatu, kenako funsanso.
Ophunzira ntchito ndimawauza zimenezi chaka ndi chaka,
choko chili m'manja, mawu osanjenjemera.

Mng'ono wanga Sirkka amakhala ku Kajaani,
ulendo wa maola awiri ndi theka, msewu ukakhala wosaterera.
Chiikireni maliro a bambo, zaka zinayi zapitazo,
sitinalankhulane.
Nkhani yake ndi kanyumba ka matabwa m'nkhalango
ndi bwato lothonya lomwe tonse sitilifuna.
Iye anatenga makiyi.
Ine ndinatenga mapepala.

Ndinaziona usiku wina ndikufufuta bolodi,
mivi iwiri yolozana, yojambula ndi dzanja langa lomwe.
Ndinaseka ndekha, kuseka kowawa kukhosi.
M'makina ndimadziwa chochita:
mmodzi ayenera kutula chomwe wagwira,
ngakhale sanalakwe.

Ndinavala jekete, ndinatuluka kukaima pa chipale,
poti m'nyumba munali mofunda kwambiri kuti ndilimbe mtima.
Foni inaitana kamodzi.
Kawiri.
Masekondi atatu anadutsa, sindinadule.
Kachisanu, mpweya wake unamveka mawu asanabwere.

Wamwalira ndani? anafunsa.

Palibe, ndinatero.
Ndimangofuna kudziwa ngati bwato lija likuthonyabe.

Anakhala chete nthawi yaitali.
Ndinkamva ketulo ikuwira kumbuyo kwake,
ndipo sindinawerenge masekondi.